Kamphika ka a Suong Kunyumba ya a Quach

"Amayi, tikuwoloka tsopano. Musatsalire."

Diep ananena mawu amenewa ataweramira dengu limene analikumbatira pamiyendo. Ambulera anaifunditsa dengulo, iye mwini dzuwa likumuwamba pakhosi. M'dengumo munali kamphika ka lubani ka malemu mayi ake, a Suong, mokhala mzimu wawo, kokutidwa ndi nsalu yofiira. Munalinso chithunzi chawo, ndi nthochi zootcha zokulunga mu mpunga womata zimene mayiwo ankazikonda. Wakufa sawoloka madzi yekha. Umachita kumuuza, apo ayi amatsala tsidya n'kumangozungulira padoko. Ndiye kuyambira m'mawa Diep anali akuwauza pa mlatho uliwonse ndi pa kangalande kalikonse, mpaka mawu anayamba kusasa.

"Amva, iwe," anatero Luom, mwini boti, akukhotetsa injini kuti alambalale namasupuni. "Gonthi anali bambo ako. Mayi akowo ankamva ndi miseche ya nsomba yomwe."

"Ingoyendetsani boti, achemwali. Ndipo musalidumphitse pamafunde, phulusa lingatayike."

"Ha! Zaka zonsezi ndakhala ndikunyamula zinanazi, n'chimodzi chomwe sichinagwerepo m'madzi. Ndiyambe lero ndi a Suong?"

Luom anali mnzake wa Diep kuyambira ali ana, mayi wonenepa wa pakamwa posatseka. Koma tsiku limeneli nthabwala zake sizinkalowa. Diep anali ndi mantha, ndipo kuyambira dzulo lake anali asanalawe kanthu.

Mtsinje wa Tien unadya nyumba yake masanasana, anthu akuona. Gombe linang'aluka, khitchini n'kupita, kenako chipinda. Diep anathamangira m'kati anthu akumukuwiza, n'kutuluka ndi kamphika ndi chithunzi basi. Mbaula yake yootchera nthochi mpaka lero ili pansi pa madzi. Mwana wake Nhan, wokwatiwa ku Can Tho, anati, "Bwerani, amayi, pogona palipo." Eya, pogona pa Diep panalipo, koma pa kamphika ayi. Guwa la kwa apongozi a Nhan ndi la makolo a apongoziwo, suikapo mlendo. Ana a mkazi woyamba wa bambo a Diep, amene ankasunga kamphika ka bambowo, anangoti, "Pambali pa bambo pali kale amayi athu." Kunatsala kukachisi, pashelefu ya anthu opanda abale, kumene lubani amayatsa mmodzi wa khamu lonse. Ndipo a Suong ali moyo chimene ankaopa n'chimenecho. "Diep, usadzandisiye pakati pa alendo." Galimoto ya mkamwini inali kubwera mawa lake kudzamutenga.

Khomo lina limodzi linalipo, koma linali khomo lolumbiriridwa.

A Suong anali mwana wachitatu wa a Quach, aja anali ndi minda ya mpunga yoti uyende ndi boti tsiku lonse osaimaliza. Anathawa ndi Tong, wopalasa boti lonyamula mpunga wa bambo awo, munthu woferedwa mkazi, wa ana awiri ndi malaya amodzi. M'mawa wa tsiku lothawalo bambo Quach anaima pamasitepe akumtsinje n'kulumbira, antchito onse akumva, kuti mwana ameneyu sadzapondanso pakhomo pawo, wamoyo kaya wakufa. A Suong nawo anali ndi mutu wa bambo awo. Sanabwerere. Boti likamadutsa pamenepo ankatembenukira tsidya lina, n'kumayang'ana mitengo ya kokonati ngati sanaionepo. Minda ija inapita kalekale ndi nkhondo, koma nyumba inatsala, ndipo masiku ano imalandira alendo odzaona mmene olemera akale ankakhalira.

"Siyo!" anatero Luom, akuzimitsa injini.

Masitepe anali obiriwira ndi ndere. Pamwamba pake panali geti lachitsulo lodzala dzimbiri, lotsegula, ndipo linali litatsegulidwa kalekale moti muzu wa mtengo unali utalikumbatira m'munsi.

"Koma abale, olemera awa," anatero Luom akumanga boti. "Denga la matailosi, mawindo a magalasi amawangamawanga, koma loko wapageti awakanika."

"Khalani chete, achemwali, akumva." Diep anaweramira dengu. "Amayi, tikutsika. Pondani bwino, mpoterera."

Alendo onse amalowera kuseri, kumsewu, kumene kumaima mabasi. Ndiye amayi awiriwa atatulukira kumaso kwa nyumba, wina ndi dengu wina ndi chipewa chakutha, anthu amene ankajambulana pakhonde anawayang'ana ngati ogulitsa zinthu. Mtsikana woonetsa alendo, wovala diresi lalitali la pinki, anabwera akumwetulira.

"Azakhali, matikiti ali kuseri. Komanso muno saloleza malonda."

"Malonda ati? Ndi mwini nyumba ali m'dengumu," anatero Luom. "Mwini nyumba adule tikiti?"

Mtsikanayo anangoyang'ana uku ndi uku, n'kubwerera kwa alendo ake. Mwina anaganiza kuti dzuwa lawapweteka.

Diep anavula patapata n'kukwera pakhonde, koma pakhomo anaima. Chiundo chake chinali thabwa lakuda lofika m'mawondo, loti polowa ukweze mwendo ndi kuweramitsa mutu. Iye yekha akanalowa, nanga lumbiro linali lake? Koma sanali yekha. Anaima kunja, dengu lili pachifuwa, n'kumasuzumira.

Zonse zinali mmene mayi ake ankanenera akamamupesa tsitsi. Nsanamira zakuda zonyezimira, mipando yokongoletsedwa ndi zigoba za m'nyanja, matailosi amaluwa obiriwira. Pafupi ndi nsanamira yachiwiri panali tailosi long'aluka, limene a Suong anagwetserapo simbi ali mtsikana. Diep analiyang'anitsitsa. Zaka zonsezi mumtima ankati mwina amayi ankawonjezera, monga amachitira anthu amene anataya zambiri. Ayi ndithu, sanawonjezere n'pang'ono pomwe. Ndipo mkatikati mwa nyumba, pamalo aulemu, panali guwa la makolo, lalitali, la zithunzi ziwiri zazikulu: mwamuna wa ndevu zam'mwamba kumanzere, mkazi wa nkhope yaing'ono ndi milomo yotsekedwa zolimba kumanja.

Mtsikana wa pinki uja anali atasonkhanitsa alendo pa chithunzi cha banja chopachikidwa pakhoma. Analoza mwana wamkulu amene anapita kunja, analoza wina amene anafera kunkhondo, analoza kamnyamata ka kabudula kamene pano ndi kamene kamasunga nyumbayi.

"Nanga mtsikana ali kumapetoyu?" anafunsa mlendo wina wa ku Saigon.

"Ameneyo wachibale chabe, sitikudziwa bwino."

"Ndi mayi anga amenewo!"

Diep anadabwa yekha ndi mawu ake. Anamveka nyumba yonse, mpaka mpheta zinauluka kudenga. Manyazi anamugwira, koma mkwiyo unaposa. Wachibale chabe! Munthu wobadwira m'chipinda icho, wosweratu tailosi ilo!

Kuseri kwa guwa kunatuluka nkhalamba yowonda, yovala zakuda zam'nyumba, ili ndi chopukutira fumbi cha nthenga za nkhuku m'manja. Anali a Khiem, mzime wa m'banjamo, kamnyamata ka kabudula kaja. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pachiundo, n'kumuyang'ana Diep pachipumi, chipumi cha a Suong chenicheni. Kenako maso awo anatsikira pa nsalu yofiira, chopukutira chija n'kugwa.

"Achemwali anga," anatero motsitsa. "Liti?"

"Chaka chathachi, amalume, nyengo ya madzi ambiri."

"Osatiuza?"

"Tikanauza ndani? Tikanalowera pati?"

A Khiem anapukuta maso ndi mkono wa malaya, n'kuuza mtsikana wa pinki kuti atengere alendo kumunda wamaluwa. Ena anapita, ena anangosunthira pakona, nanga zoterezi n'zosiya? Diep anafotokoza zonse ali chiimire, za gombe, za apongozi a Nhan, za shelefu ya kukachisi. Sanakometse mawu. Pomaliza anati, "Sindikupempha chipinda, amalume, sindikupempha mpando. Kamalo kokwana kamphika aka basi, ndi kamtengo kamodzi ka lubani m'mawa."

Nkhalamba ija inakanda m'mutu. 

"Mwanangu, ukanakhala iwe ndikanati lowa, ugone pabedi lililonse ukufuna. Koma lumbiro lija ndinalimva ndi makutu angawa. Ndinaima pambali pa bambo, nditawagwirira chipewa. Ine muno ndimangosesa. Eni ake ndi awo." Analoza guwa ndi chibwano. "Tiwafunse."

Luom anatsonya. "Kufunsa munthu amene anakana ali moyo."

"Achemwali!"

"Ndakhala chete."

A Khiem anatsegula kabati ya pansi pa guwa n'kutulutsa zibenthu ziwiri za muzu wa nsungwi, zakuda ndi kugwiridwagwiridwa, chilichonse chathyathyathya mbali imodzi, chotumphuka mbali inayo. Aliyense kuno amadziwa mayankhidwe ake. China chikagwa chagada china chafufumimba, avomera. Zonse chafufumimba, akana. Zonse chagada, akukuseka. Ndipo suponya kupitirira katatu, akufa sawaumiriza ngati wogulitsa nsomba pamsika.

Anayatsa lubani, n'kugwada kutsogolo kwa chithunzi cha ndevu chija. Diep naye anagwada kunja kwa chiundo, dengu lili pamiyendo.

"Bambo, ndine Khiem. Mwana wanu Suong wabwera. Mtsinje wamulanda pokhala. Ali pakhomo, sanalowe, akudikira mawu anu. Alowe?"

Anazungulitsa zibenthu mu utsi n'kuziponya. Zinalira pamatailosi, gobede gobede, n'kukhala bata. Zonse chagada.

"Akuseka," ananong'ona mlendo wa ku Saigon uja, ngati pali amene sanaone.

A Khiem anatola, n'kuyambiranso mwaulemu woposa. Anatchula kuti zaka zapita zambiri, kuti Tong uja naye anamwalira, kuti mdzukulu wawo wabweretsa nthochi. Anaponya. Gobede gobede. Chagada, chagada.

 Kwatsala kamodzi. Diep anaiona shelefu ya kukachisi ija m'maso mwake, timiphika tili ndandanda, mayi ake ali pakati pa anthu osawadziwa, iwo amene moyo wawo wonse sankadya n'komwe pamaso pa mlendo. Analimbitsa manja padengu. Mumtima anayamba kale kukonza mawu owauzira pobwerera, ndipo mawuwo ankakana kukhala bwino.

"Akuseka chiyani nkhalamba imeneyi?" anang'ung'udza Luom. "Pali choseketsa apa?"

A Khiem anali atakweza kale manja kuti aponye komaliza. Anaima choncho, manja ali m'mwamba, akuyang'ana chithunzi cha bambo awo.  Kenako mapewa anayamba kugwedezeka, ndipo Diep anayesa akulira. Ayi, nawonso ankaseka.

"Mayo ine, ukalamba!" anatero, akutembenukira kukhomo. "Mwanangu, ndikanakuphera mlandu ndi manja anga. Bambowa ankabangula padoko, ankabangula kumunda, anthu n'kumanjenjemera. Koma m'nyumba muno? Ukawapempha kanthu, kaya njinga, kaya kupita kumpikisano wa maboti, ankangoseka chonchi, he he he, n'kuti, ‘Kafunse amako.’ Minda yonse ija inabwera ndi amayi. Makiyi ankagona m'chiuno mwa amayi. Ndiye ine ndakhala pano kufunsa munthu amene sanayankhepo funso chibadwire!"

"Ndimadziwa ine," anatero Luom. "Ndevu zimenezo n'zongoopsezera."

Nkhalamba ija inakwawa ndi maondo kupita kumanja, kutsogolo kwa mkazi wa milomo yotsekedwa uja. Kuseka kunatha. Inayatsa lubani wina, ndipo mawu ake anasanduka a kamnyamata.

"Amayi, pepani, ndinakulumphani. Musandikalipire pamaso pa alendo. Achemwali abwera. Ali panja. Alowe?"

Anaponya. Chibenthu chimodzi chinagwera pomwepo, chagada. Chinzake chinadumpha, n'kuyamba kugubuduzika, kudutsa tailosi long'aluka lija, kudutsa pansi pa mpando. Mzungu wina wa kabudula anawerama kuti awathandize kutola.

"Musakhudze!" anakuwa Luom. Chinenero sanamvane, koma mzunguyo anabweza dzanja ngati wagwira moto.

Chibenthu chija chinakagunda chiundo, kutsogolo kwenikweni kwa maondo a Diep, n'kugwedezeka pang'ono, n'kugona. Diep anasuzumira. Chafufumimba.

 Mpweya umene Diep anali ataugwira kuyambira tsiku limene gombe linagumuka unatuluka wonse nthawi imodzi, ndipo analira mokweza, kukamwa kuli yasa, osasamala za alendo ndi mafoni awo. Luom naye ankalira, uku akumumenya pamsana.

"Dzuka, iwe! Akukuitana ndiye iwe uli pansi? Ukufuna asinthe maganizo?"

Diep anadzuka, anapukuta mphuno, n'kukonza nsalu yofiira ija. Anaweramira dengu.

"Amayi, tafika. Kwezani mwendo, pali chiundo."

Analowa limodzi. Matailosi anali ozizira kumapazi. A Khiem anasuntha vazi ya maluwa ndi mbale ya malalanje, n'kupukuta malowo ndi mkono wa malaya awo, chopukutira cha nthenga chija ataiwala. Kamphika ka a Suong kanali kadothi, ka pamsika, kobenthuka pamlomo, ndipo pakati pa miphika yamkuwa yonyezimira kankaoneka ngati kasochera. Diep anachita manyazi.

"Ndidzagula kena kabwino, amalume."

"Usayerekeze. Azolowera kameneka." Anakakankhira kufupi ndi mphika wa agogo akazi mpaka zinakhudzana. "Apa. Akambirane, ali ndi zambiri."

Diep anamasula nthochi zija n'kuziika pambale, anathira tiyi m'timakapu, n'kuyatsa lubani. Mtsikana wa pinki uja anabwera mwakachetechete, n'kufunsa kuti dzina la mayiwo anali ndani.

"Suong," anatero Diep. "Wachitatu. Ndi amene anaswa tailosi ilo, ndi simbi."

"Anandinamizira ine," anatero a Khiem. "Ndinakwapulidwa."

Lubani atatha, nkhalamba ija inawaperekeza kumtsinje. Inamuuza Diep kuti tsiku lokumbukira imfa ya mayi ake azibwera kudzaphika yekha, chifukwa ophika a masiku ano msuzi wa nsomba amauthira shuga ngati phala. Inati abwere ndi Nhan, ndi mkamwini yemwe ngati ali ndi ulemu. Atafika pageti, Luom analigogoda ndi chala.

"Amalume, ndi alendo onsewa, gulani loko. Mukuchititsa manyazi."

A Khiem anagwira chitsulo chadzimbiricho.

"Loko analipo, wamkulu ngati papaya. M'mawa uja, bambo atangomaliza kulumbira, boti lisanakhote pakona apo, amayi anatsika masitepe awa, anamasula loko, n'kumuponya m'madzi. Apo, pali namasupuni apo. Anati amene adzagule wina adzamutsatira. Bambo anangotenga chipewa chawo kwa ine n'kulowa m'nyumba." Analoza sitepe imene anaimapo. "Madzulo aliwonse amayi ankakhala pa sitepe iyi, mpaka miyendo itawakana. Ankati akuona maboti."

Diep anayang'ana sitepeyo. Anakumbukira khosi la mayi ake litatembenukira tsidya lina, ulendo uliwonse, chaka ndi chaka. Zinamupweteka kwambiri, ndipo sanabise.

"Akanangotembenuka kamodzi kokha."

"Onse awiri mitu inali youma," anatero a Khiem. "Koma wabwera nawo. Tsopano likhoza kutsekedwa." Anayesa kulikoka getilo, koma muzu unaligwira zolimba, silinasunthe n'komwe. Analisiya. "Kaya, likhale. Udzalowerenso pomwepa."

Luom analiza injini. Boti linabwerera chammbuyo, linalambalala namasupuni, n'kuloza pakati pa mtsinje. Madzi anali atayamba kudzaza, dzuwa likadali lakuthwa. Diep anakhala pamalo ake aja, dengu pamiyendo, ambulera pamwamba pa dengu. Atafika pomwe madzi amathamanga anawerama.

"Amayi, tikuwolo..."

Anaima. M'dengumo munali nsalu yofiira yopindidwa, ndi nthochi ziwiri zimene amalume anamubwezera kuchokera paguwa.

"Ukuuza ndani?" anafunsa Luom, mofatsa kusiyana ndi masiku onse. "Atsala kwawo amenewo. Pano akukalipiridwa ndi mayi awo."

Diep anaseka, misozi ikutsika. Thupi lonse linapepuka, ndipo njala inamugwira mwadzidzidzi, njala yeniyeni. Anamasula nthochi imodzi, inayo n'kumuponyera Luom. Kenako anachotsa ambulera padengu paja n'kudzifunditsa yekha.

"Tsopano lidumphitseni mmene mukufunira, achemwali," anatero ali ndi nthochi m'kamwa.